Kamangidwe ka Cliveden, Nyumba Yakale Imene Lero Ndi Hotela

Ku England kuli nyumba zimene mwini wake sangagwetse khoma, kukulitsa zenera kapena kuzula chitseko chamkati popanda chilolezo cha khonsolo ya dera lake. Nyumba zimenezi zinalembedwa m'kaundula wa boma wa zomangamanga zoyenera kusungidwa, ndipo m'nkhani ino ndizizitchula kuti nyumba za m'kaundula. Zambiri ndi nyumba wamba zimene mabanja akukhalamo mpaka lero. Koma zina, makamaka zinyumba zikuluzikulu zakumidzi zimene anamanga anthu olemera akale, zinawakulira eni ake, moti zinasanduka masukulu, maofesi kapena mahotela. Amene anafikako ku Zomba ali nacho chithunzi cha zimene ndikunena, pakuti Hotel Masongola nayonso inayamba ngati nyumba ya kazembe wa Britain m'zaka za m'ma 1880.

Funso langa ndi ili: zimatheka bwanji kuti nyumba imene lamulo likuiteteza chonchi igwire ntchito ya hotela, pamene hotela imafuna bafa m'chipinda chilichonse, khitchini yophikira anthu ambirimbiri ndiponso njira zothawira moto? Kuti ndiyankhe, ndasankha nyumba imodzi imene ndaiyendera kangapo chibwerereni kuno kudzaphunzira, nyumba ya Cliveden. Chimene ndapeza n'chakuti yankho lagona m'kamangidwe ka nyumbayo. Kuyambira pachiyambi Cliveden inali nyumba yolandiriramo alendo, ndipo makoma ake anaikidwa motsata ntchito imeneyo. Hotela itabwera inapeza njira ili yolambulidwa kale.

Cliveden ili m'chigawo cha Buckinghamshire, kumadzulo kwa London, pafupi ndi mudzi wa Taplow ndi tauni ya Maidenhead. Kwa ophunzira chinenero ndinene kuti dzinali eni ake amalitchula ngati "Kliv-den", e wapakatiyo samveka. Nyumbayo inakhala pamwamba pa chitunda cha miyala ya choko, mamita pafupifupi 40 kuchokera pamene pakudutsa mtsinje wa Thames m'munsi mwake. Kukacha bwino munthu amatha kuona kudera la Windsor, kumene kuli nyumba yachifumu.

Zimene kaundula amateteza

Kulemba nyumba m'kaundula kunakhazikitsidwa ndi malamulo a 1944 ndi 1947, nthawi imene mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali atagumula mizinda yambiri ndipo boma linkafuna kudziwa zoyenera kupulumutsa pomanganso. Lero ntchitoyi ikuyenda motsata lamulo la 1990, ndipo bungwe la Historic England ndilo limasunga kaundulayo. Muli zomangamanga pafupifupi 400,000, zogawidwa m'magulu atatu. Gulu la Grade II ndilo lalikulu, lili ndi zoposa 90 pa 100 zilizonse. Pamwamba pake pali Grade II*, ndipo pamwamba penipeni pali Grade I, gulu la nyumba ziwiri kapena zitatu zokha pa 100 zilizonse. Cliveden ili mu Grade I.

Anthu ambiri amaganiza kuti kaundula amateteza nkhope ya nyumba yokha, imene odutsa mumsewu amaona. Sichoncho. Chitetezo chimakhudza nyumba yonse, kunja ndi mkati, pamodzi ndi zinthu zonse zomatika ku nyumbayo monga masitepe, matabwa a pakhoma ndi malo oothera moto. Chimakhudzanso zomangamanga za pabwalo lake zimene zinalipo asanafike July 1948. Wosintha zinthu zotere popanda chilolezo wapalamula mlandu, ndipo angathe kulipira chindapusa chopanda malire kapena kukhala m'ndende mpaka zaka ziwiri. Komabe lamuloli silinena kuti nyumba isasinthidwe. Limanena kuti wofuna kusintha ayambe wafotokoza chimene akufuna kuchita, chimene chitayike, ndi chifukwa chake palibe njira ina. Pa nyumba za Grade I khonsolo imafunsanso maganizo a Historic England isanayankhe.

Chikhonde chimene chinapulumuka moto kawiri

Chinthu chakale koposa pa Cliveden si nyumbayo ayi, koma chimene nyumbayo inakhalapo. Mu 1666 George Villiers, Duke wachiwiri wa Buckingham, anayamba kumanga pamalopa. Duke ndi udindo wapamwamba kwambiri pakati pa mabanja olemekezeka a ku Britain, kupatula banja lachifumu. Katswiri wake wojambula mapulani, William Winde, anapeza kuti pamwamba pa chitundacho m'posalingana, choncho anasalaza dothi n'kumanga chikhonde chachikulu cha njerwa choyang'ana kummwera, chotalika mamita pafupifupi 120 ndipo msinkhu wake mamita 6. Nkhope ya chikhondechi ndi mndandanda wa makomo okhota pamwamba ngati uta, ndipo pakati pake pali masitepe awiri otsikira kumunda, ena kumanja ena kumanzere. Villiers ankafuna malo ochitirako ulenje ndi osangalalako ndi anzake, kutali pang'ono ndi maso a anthu a ku London.

Nyumba imene inali pamwamba pa chikhondecho inapsa mu 1795, ndipo amati moto unayamba ndi kandulo ya wantchito amene ankawerenga buku ali pabedi. Kwa zaka pafupifupi 30 panali bwinja. Yachiwiri, imene anajambula William Burn m'zaka za m'ma 1820, inapsanso mu 1849. Amati Mfumukazi Victoria anaona utsi ali ku Windsor n'kutumiza ozimitsa moto, koma sanaphule kanthu. Pa moto wonsewu chikhonde chinatsala, pamodzi ndi nyumba ziwiri zam'mbali zimene Thomas Archer anawonjezera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700. Choncho aliyense womanganso ankapeza kuti kukula kwa nyumba, kumene iyang'ane, ndi pamene pakhale pakati pake, zinagamulidwa kale ndi munthu amene anamwalira kalekale.

Nyumba ya Charles Barry

Nyumba imene tikuiona lero ndi yachitatu. Duke wachiwiri wa Sutherland ndi mkazi wake Harriet, amene anali atangogula malowa pamene moto wa 1849 unabuka, anaitana Charles Barry, katswiri yemwe uja amene anajambula nyumba ya malamulo ya ku Westminster. Ntchito inatha cha m'ma 1851. Ku Westminster Barry anatsata kamangidwe ka matchalitchi akale, ka nsonga zambirimbiri zolozera kumwamba. Pa Cliveden anatembenukira ku Italy, kumene anayendako ali mnyamata, n'kutengera nyumba za anthu olemera a ku Roma ndi ku Genoa.

Munthu akaima kumunda n'kuyang'ana kumpoto amaona nyumba yosanjikizana katatu itakhala pachikhonde ngati katundu pathebulo. Khoma la nyumba yapansi linalembedwa mizere yakuya kuti lioneke ngati la miyala ikuluikulu yolemera, ndipo mazenera ake ndi okhota pamwamba, kuyankhana ndi makomo a chikhonde cha Winde m'munsimo. Nyumba ziwiri zapamwamba zili ndi mazenera 9 pamzere uliwonse, ndipo pakati pa mazenerawo pali mizati yophwatalala, yomatika kukhoma, yochokera pa nyumba yachiwiri kukafika pansi pa denga. Mizati imeneyi sinyamula kanthu. Ntchito yake ndi kumanga nyumba ziwirizo pamodzi m'maso mwa woona, kuti asaone mizere itatu yofanana koma tsinde lolemera ndi thunthu lopepuka. Mazenera a nyumba yachitatu ndi aang'ono kuposa a yachiwiri, ndipo zimenezi zimauza mlendo, asanalowe n'komwe, kumene kuli zipinda zaulemu.

Denga silioneka. Barry analibisa kuseri kwa kampanda ka timizati kozungulira pamwamba ponse, kokhala ndi mitsuko yokongoletsera. Kwa ife amene tinakulira kumene denga limatuluka kunja kwa khoma kuti mvula igwere kutali, kamangidwe aka n'kodabwitsa, ndipo kali ndi mtengo wake: madzi amvula amayenda m'ngalande zobisika kuseri kwa kampandako, ndipo ngalande ikatsekeka ndi masamba madziwo amalowa m'khoma mwakachetechete. M'munsi mwa kampandako muli mawu a Chilatini ozungulira nyumba yonse, amene analemba William Gladstone, bwenzi la banjalo amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Britain. Mawuwo amafotokoza amene anayamba kumanga pamalopa, kuti moto unawononga kawiri, ndi amene anamanganso. Nyumbayo inavala mbiri yake pamphumi.

Chimene chinandichititsa chidwi kwambiri nditayandikira n'chakuti nyumbayi si ya miyala, ngakhale ikuoneka choncho. Ndi ya njerwa zokutidwa ndi pulasitala wa simenti ina imene ankaitcha ya Chiroma. Dzinalo ndi lamalonda chabe: simentiyo anaitulukira Mngelezi, James Parker, ndipo anailembetsa mu 1796. Timizati, mitu ya mizati ndi zokongoletsa zina zambiri ndi za dothi lootcha loumbidwa m'zikombole. Sindikuona ngati chinyengo. Inali njira yomangira msanga ndiponso yodziwika pa nthawiyo. Koma woisamala lero ayenera kudziwa kuti akusamala pulasitala, amene amang'aluka n'kulowetsa madzi, osati mwala.

Mbali yakumpoto, kumene alendo amafikira, ndi yosiyana. Msewu wowongoka wa mitengo mbali zonse umakafika pabwalo lotsekedwa mbali zitatu: nyumba yaikulu kutsogolo, ndi nyumba ziwiri za Archer kumanja ndi kumanzere, zolumikizidwa ku yaikuluyo ndi makonde okhota. Pakhomo pali khonde lalikulu lolowamo ngolo ya mahatchi, limene anawonjezera Henry Clutton m'nthawi ya Duke wa Westminster, amene anagula nyumbayo banja la Sutherland litachoka. Cholinga chinali chakuti mlendo atsike m'ngolo osanyowa. Lero galimoto imaima pomwepo, ndipo hotela sinafunike kumanga chilichonse pakhomo. Clutton yemweyo ndiye anamanga mu 1861 nsanja ya wotchi yotalika mamita pafupifupi 30 imene ili cha kumadzulo kwa bwalo. Wotchiyo ndi chovala chabe. Mkati mwa nsanjamo muli thanki yamadzi, yoikidwa pamwamba kuti madzi azitsika ndi mphamvu kupita m'nyumba. Kwa banja limene nyumba yake inali itapsa zaka 12 zapitazo, madzi okhala pamwamba sanali nkhani yamasewera.

Zamkati: zogula kwina

Kunja ndi kwa Barry, koma mkati mwambiri ndi mwa munthu wina. Mu 1893 William Waldorf Astor, mmodzi wa anthu olemera koposa a ku America, anagula Cliveden. Iye anaitana John Loughborough Pearson kuti asinthe zamkati. Chipinda chofikira alendo anachikulitsa pophatikiza zipinda za Barry, makoma ake anawakuta ndi matabwa a mtengo wa oak, ndipo anaikamo malo oothera moto a miyala yosemedwa a zaka za m'ma 1500 ochokera ku France. Pamasitepe okwerera kumwamba anaimikapo zifaniziro zosemedwa za anthu a m'mbiri ya nyumbayo. Kukanakhala kuti kaundula analipo nthawi imeneyo, ndikukayika ngati Astor akanaloledwa kugwetsa makoma a Barry. Lero zimene iye anaika pogwetsa makomawo n'zimene lamulo likuteteza. Kaundula sasankha chaka chimodzi n'kunena kuti nyumba yeniyeni ndi iyi. Amateteza zonse zimene mibadwo inasanjikiza, malinga zili ndi phindu pa mbiri kapena pa luso.

Chipinda chodziwika koposa ndi chodyera cha Chifalansa. Matabwa ake osemedwa ndi opakidwa golide anapangidwa cha m'ma 1750 kuti akhale m'nyumba ina ya ku Asnières, pafupi ndi Paris. Astor anawagula mu 1897, ndipo chipinda cha pa Cliveden anachikonza kuti chigwirizane ndi matabwawo, osati matabwa kugwirizana ndi chipinda. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake anali atagula kampanda ka miyala ndi njerwa ka zaka za m'ma 1600 kuchokera kumunda wa Villa Borghese ku Roma, n'kukaimika m'munsi mwa chikhonde. Kampandaka kanabwera ndi alendo ake. Mu 2004 anthu otsuka miyala anapezapo tinkhono ting'onoting'ono ta ku Italy, totalika pafupifupi sentimita imodzi, timene takhala tikuswana m'ming'alu ya kampandako kwa zaka zoposa 100 popanda wozindikira. Tsopano wokonza kampandako ayenera kusamalanso nkhono.

Munthu angafunse ngati n'koyenera kuti chuma cha ku France ndi ku Italy chitetezedwe ngati cholowa cha England. Zinthuzi zinagulidwa, sizinalandidwe, ndipo nkhani yake ndi yosiyana ndi ya zinthu za ku Africa zimene zili m'nyumba zosungiramo zakale za kuno. Komabe ndikaima m'chipinda chija ndimakumbukira kuti kwinakwake kunatsala khoma lamaliseche.

Njira ziwiri m'nyumba imodzi

Tsopano ndifike pa mfundo yanga yeniyeni. Mu 1906 Astor anapereka nyumbayo kwa mwana wake Waldorf ngati mphatso yaukwati. Mkazi wa Waldorf, Nancy Astor, ndiye mayi woyamba kukhala pampando m'nyumba ya malamulo ya House of Commons, mu 1919. M'nthawi yawo Cliveden inkadzaza kumapeto kwa sabata. Kunkabwera anthu ngati Winston Churchill, George Bernard Shaw, Charlie Chaplin ndi T. E. Lawrence. Ankafika Loweruka, kudya, kugona, kuyenda m'munda, n'kubwerera ku London sabata ikamayamba. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo nyumbayi inazolowera mame otere kuyambira nthawi ya Villiers.

Nyumba yolandira alendo ochuluka chonchi inkamangidwa ndi njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya mlendo: khonde la pakhomo, chipinda chofikira, masitepe aakulu, zipinda zochezera zondandalikana moyang'ana kumunda, ndi zipinda zogona pamwamba. Njira yachiwiri ndi ya wantchito: zipinda zapansi pa nyumba, masitepe akumbuyo, ndi mabelu oitanira amene waya wake unkachokera m'zipinda za alendo. Njira ziwirizi zinkakumana pokhapokha pamene mbale ikufika pathebulo kapena madzi otentha akufika kuchipinda. Rosina Harrison, amene anatumikira Nancy Astor zaka zambiri, analemba buku lofotokoza moyo wa mbali yachiwiriyi. Wophunzira ntchito ya mahotela akaona mapulani a nyumba yotere amaizindikira msanga, chifukwa hotela yapamwamba imamangidwa chimodzimodzi: mlendo aone chakudya, asaone khitchini, apeze bedi loyalidwa, asakumane ndi mtolo wa nsalu zakuda.

N'chifukwa chake ndikunena kuti hotela ndi ntchito yoyandikana kwambiri ndi imene nyumbayi inamangidwira. Kuigawa kuti ikhale nyumba zing'onozing'ono zogulitsa kukanafuna makoma atsopano pakati pa zipinda zikuluzikulu, ndi khitchini m'gawo lililonse. Kuisandutsa maofesi kukanafuna magetsi owala ndi mawaya paliponse. Hotela imafuna chipinda chofikira chachikulu, ndipo chilipo. Imafuna chipinda chodyera choona kunja, ndipo chipinda chochezera chakale choyang'ana kumunda ndicho chikugwira ntchitoyo. Laibulale ya matabwa onunkhira inasanduka malo omwera zakumwa. Khola la mahatchi linasanduka malo odyera achiwiri. Zipinda zogona, zimene sizifika 50, zina zili m'nyumba yaikulu ndipo zina zili m'nyumba zam'mbali, ndipo zimatchedwa ndi mayina a anthu a m'mbiri ya malowa m'malo mwa manambala.

Mmene inafikira pokhala hotela

Zaka za m'ma 1900 zinali zowawa kwa zinyumba zotere. Msonkho wa chuma chamasiye unakwera kwambiri, antchito anasowa nkhondo zitatha, ndipo mabanja ambiri anaona kuti n'kwapafupi kugwetsa nyumba kusiyana ndi kukonza denga. Mazanamazana zinagwetsedwa, makamaka m'zaka za m'ma 1950. Mu 1974 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert ku London inachita chionetsero cha zithunzi za nyumba zowonongedwazo, ndipo chinathandiza kusintha maganizo a anthu.

Cliveden inapulumuka chifukwa mu 1942 Waldorf Astor anaipereka ku bungwe la National Trust, pamodzi ndi ndalama zoisamalira, pamgwirizano wakuti banja lipitirize kukhalamo. Anapemphanso kuti mtsogolo nyumbayo idzathandize kulimbikitsa ubale pakati pa anthu olankhula Chingelezi, pempho limene limandimwetulitsa pamene ndikuilemba m'Chichewa. Banjalo linachoka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mbiri ya nyumbayo itadetsedwa ndi nkhani ya John Profumo, nduna ya zankhondo imene inakumana ndi Christine Keeler padziwe losambiramo la pamalopa mu 1961 n'kutula pansi udindo mu 1963. Kuyambira 1969 mpaka 1983 ophunzira a yunivesite ya Stanford ya ku America ndiwo ankakhalamo. Atachoka, National Trust inachititsa lendi nyumbayo kwa kampani ya mahotela mu 1984. Mpaka lero mwini nyumba ndi National Trust. Hotela ndi mlendi, ndipo imayankha kwa awiri: mwini nyumba ndi khonsolo.

Pamene hotela ndi nyumba zimalimbana

Sizonse zimene zinali zokonzeka. Zovuta zenizeni posandutsa nyumba yotere kukhala hotela zili m'malo amene mlendo saona. Choyamba ndi mabafa. M'nyumba za nthawi ya Victoria alendo ambiri ankasamba m'beseni kapena m'bafa yonyamula imene wantchito ankadzaza. Mlendo walero amafuna bafa lakelake. Mwayi umene nyumba zoterezi zili nawo n'ngwakuti chipinda chogona chaulemu kawirikawiri chinkakhala ndi kachipinda kovalira pambali pake, ndipo kachipinda ako ndiko kamasanduka bafa popanda kudula chipinda chachikulu. Vuto limatsala pa mapaipi. Paipi yotaya madzi imafuna kutsetsereka, ndipo pansi pa chipinda chogona pamakhala denga la chipinda chochezera, lokongoletsedwa ndi pulasitala wakale. Kudontha kamodzi kokha kungawononge ntchito ya zaka 170. Choncho amisiri amatsata mipata imene ilipo kale, monga kuseri kwa makabati a m'khoma ndi m'mbali mwa masitepe akumbuyo, ndipo nthawi zina bafa limaikidwa pamene paipi ingathe kufika, osati pamene mwini hotela akanakonda.

Chachiwiri ndi moto, ndipo pa nyumba imene inapsa kawiri nkhaniyi siifunika kuikometsera. Malamulo a malo ogona alendo amafuna kuti nyumba igawidwe m'zigawo zotchinga moto ndi utsi, kuti pakhale njira zothawira, ndiponso zida zochenjeza m'zipinda. Koma chitseko chakale cha matabwa osemedwa sungachichotse n'kuikapo chachitsulo. Chimene amachita m'nyumba za m'kaundula ndi kulimbitsa chitseko chomwecho: m'mphepete mwake amaikamo timizere timene timafufuma tikatenthedwa n'kutseka mpata wa utsi, ndipo amaika chotsekera chokha. Mipata yobisika ya pansi pa matabwa ndi ya kudenga, imene moto umathamangiramo, amaitseka ndi zinthu zosapsa. Kuti ngoziyi si yakale yokha zinaoneka mu April 2015, pamene Clandon Park, nyumba ina ya National Trust ku Surrey, inapsa n'kutsala makoma okha chifukwa cha vuto la magetsi. Nyumba imeneyo anaijambula Giacomo Leoni, katswiri yemwe anamanganso kanyumba ka mbali 8 kamene kali m'munda wa Cliveden.

Zina ndingozitchula mwachidule. Mazenera akale ali ndi galasi limodzi ndipo amalowetsa chisanu, koma sachotsedwa. Kumene kwaloledwa amawonjezera galasi lina mkati. Chikepe ndi njira ya anthu oyenda panjinga ya aulumali zimafuna malo amene womanga wa 1851 sanaganizire. Pa zonsezi amisiri amatsata mfundo imodzi: chatsopano chiikidwe mwa njira yakuti m'badwo wina udzathe kuchichotsa osasiya bala. Zimene sizingakwane m'nyumba yaikulu amazipititsa kwina. Pa Cliveden dziwe losambiramo lamkati ndi zipinda zolimbitsira thupi anazimanga m'munda wa mpanda wa njerwa, pafupi ndi dziwe lija la Profumo, kumene sizioneka munthu akaima pachikhonde.

Ndani amalowa

Pali chinthu chimodzi chimene sichindikhalira bwino. Nyumbayi ndi ya bungwe limene limasunga malo m'dzina la anthu onse, koma mtengo wa usiku umodzi m'hotelayi ndi woti wophunzira ngati ine angouwerenga n'kutseka tsamba. Munda wonse, maekala oposa 370, ndi wotsegukira aliyense wolipira pachipata kapena membala wa National Trust, ndipo anthu amabwera ambirimbiri ndi ana ndi agalu awo. Mkati mwa nyumba amalowetsamo anthu masiku ena okha, kwa kanthawi kochepa, motsogozedwa, m'zipinda zingapo zapansi. Pachikhonde cha Winde m'pamene magulu awiriwa amayandikana. Ife a nsapato zamatope timayenda kunja kwa mazenera, iwo akudya mkati, ndipo aliyense amayesa ngati sakuona mnzake.

Komabe ndikayeza ndi njira zina, ndimaona kuti kugawana kotereku kuli ndi nzeru. Nyumba yopanda anthu imawonongeka msanga kuposa yokhalamo anthu, chifukwa palibe woona kuti denga layamba kudontha, ndipo chinyontho chimakhazikika m'zipinda zosatenthetsedwa. Lendi ya hotela imathandiza mwini nyumba, ndipo zipinda zikugwira ntchito imene anazimangira, mipando ikukhalidwa, moto ukuyaka m'malo ake. M'nthawi ya Astor munthu wamba sakanafika ngakhale pachikhondepo. William Waldorf Astor anatchuka ndi kutchinga malo ake ndi mpanda wautali, moti anthu a m'deralo ankamunyoza nazo. Ndikanakonda masiku olowa mkati akanachuluka, koma zimenezo ndi za mgwirizano wa lendi, osati za makoma.

Ntchito yaikulu yokonza imene yachitika pamalopa m'zaka zaposachedwa sinali ya m'zipinda za hotela. Inali ya chikhonde chija cha 1666. Kuyambira mu 2012 National Trust inakhala zaka zingapo ikuchikonza, chifukwa madzi anali atalowerera m'njerwa kwa nthawi yaitali, ndipo masitepe ake anachita kuwaphwasula n'kuwamanganso. Pa makoma akale otere amisiri amapewa simenti yamasiku ano. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakale ndipo imatsekera chinyontho mkati, moti chisanu chikaumitsa madziwo njerwa ndiyo imafumbutuka. Amagwiritsa ntchito matope a laimu, amene ndi ofewa ndipo amalola khoma kutulutsa chinyontho. Laimu amauma pang'onopang'ono ndipo sagwirizana ndi chisanu, choncho kuno ntchito yotere imayenda bwino m'miyezi yofunda yokha, ndipo nyengo yozizira ikafika amisiri amafunditsa khomalo ndi ziguduli n'kudikira.